Kabuleta Yakumbuyo

Anthu akandiona ndikupendeketsa mutu akamandilankhula amaganiza kuti khutu lakumanzereli linagontha. Silinagonthe ayi. Limamva kuposa linzakeli, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Ndinakalinolera ku Nairobi, m'galaja ya Mzee Barasa, ndipo chimene linamva kumeneko ndakhala nacho zaka zonsezi osauza munthu kuno kumudzi, kupatula amayi anga.

Ku Nairobiko sindinapite mwadala. Ndinali wothandizira dalaivala pa lole ya katundu, lole n'kutifera ku Industrial Area. Dalaivala anati, “Dikira pompano, ndikatenge zitsulo.” Mpaka lero akubwerabe. Ndinagona pansi pa loleyo masabata awiri, ndikudya mandazi achifundo kwa amayi ophika tiyi m'mbali mwa msewu, mpaka mkulu wina wa galaja yapatsidya, wamfupi, wa imvi mbuu, anandipeza ndikumasula pampu ya dizilo ndi sipanala imodzi yobwereka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikodola kuti ndiwatsatire. Amenewo ndiwo Mzee Barasa. Iwo omwewo anandipezera kachipinda ka malata ku Kangemi, pakati pa anthu akwawo. Kuzizira kwa kumeneko mwezi wa Julayi ndinkagona nditavala ovolosi, ndipo m'mawa ndinkalimbirana maminibasi, amene kumeneko amawatcha matatu, ndi anthu amene zigongono zawo zinali ngati misomali. Koma anali anthu abwino. Atadziwa kuti ndilibe mbale m'dziko lawo, mbale ya ndiwo zamasamba za sukuma sinkandidutsa.

Kwathu ku Lunzu ndinasiya amayi ndi Dausi. Ine ndi Dausi ndife mapasa, nkhope imodzi. Ine ndinatsogola, iye anabwera pambuyo ali wofooka, ndipo chibadwire chifuwa chake chinkaimba mluzu. Mphumu. Tinakulira pa mphasa imodzi, choncho mluzu umenewo ndinkaudziwa ngati dzina langa. Akamakoka mpweya kankalira ka fwii, n'kudukiza pakati ngati kapunthwa, kenako n'kumaliza. Ine ndinali wapakamwa ndi woyendayenda, iye wofatsa, wokhoma ndowa ndi mbaula pamsika. Tsiku lonyamuka anandiuza kuti, “Pita, koma usakachedwe. Chifuwachi chikandigwira azindikhazika tsonga ndani?” Ndinaseka, ndinamumenya paphewa. Ndinakachedwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Galaja ya Mzee sinali ya matatu kapena mapikapu ayi. Kunkabwera timagalimoto takale ta ku Mangalande timene azungu anasiya, tamipando iwiri, tadenga la nsalu, totsika mwakuti ukalowamo umakhala ngati wakhala pansi. Eni ake anali anthu okonda kudzionetsa Lamlungu, ndipo onse dandaulo lawo linali limodzi: galimoto ikumwa petulo ngati chidakwa. Mzee ankati galimoto siinalakwe. Nairobi ili pamwamba, mpweya wake ndi wopepuka, ndiye galimoto imene anaitchunira kwawo ikafika kuno imalandira mafuta ambiri, mpweya wochepa. Basi utsi tolotolo, mapulagi bii ngati kunsi kwa poto.

Magalimoto amenewa amakhala ndi makabuleta awiri, imodzi kutsogolo ina kumbuyo, iliyonse ndi chipewa chake chachitsulo ngati kapu yovundikira. Kabuleta ndiyo imasakaniza petulo ndi mpweya. Kunsi kwake kuli nati. Ukaitsitsa mafuta amachuluka, ukaikweza amachepa. Ziwirizo amazilumikiza ndi kachitsulo kuti ziziyendera limodzi, ndipo luso lonse lagona poti zipume mofanana. Mzee analibe makina oyezera. Anali ndi paipi yakuda ya mpira, kutalika ngati mkono, yosalala ndi thukuta la zaka zambiri. Mbali ina pakhutu, mbali ina pakamwa pa kabuleta, injini ikulira.

“Mvera iyi,” ankatero m'Chiswahili, ine n'kumatolera mawu pang'onopang'ono. “Tsopano mvera inzakeyo. Zikufanana?”

“Zikufanana, Mzee.”

“Bodza! Khutu lako ladzaza phula la ku Malawi. Mveranso.”

Lamulo lawo loyamba ankalibwereza mpaka kutopetsa: “Usanakhudze nati, masula kaye kachitsulo kolumikizako. Ukapanda kutero, ukamatsitsa imodzi imakoka inzake, zonse zimapita pansi.” Lachiwiri ndinaliphunzira ndi manyazi. Kunabwera bwana wina wouma manja amene ankafuna kuti galimoto yake izingonunkhiza petulo. Ine pofuna kumusangalatsa ndinakweza manati mpaka injini n'kumalira ngati yamva njala. Munthu uja anasangalala, n'kutsika nayo ku Mombasa kumene mpweya ndi wolemera. Inabwera itakwera pa lole, mavavu atapsa. Mzee anandikwapula ndi chiguduli cha mafuta kumaso pamaso pa anzanga onse. “Ndinakuuza uichepetse dyera, sindinakuuze uiphe ndi njala!”

Ndinaphunzira. Ndinaphunzira kukweza kapisitoni ndi chala n'kumva ngati injini yakhuta kapena yamanidwa, kudontheza mafuta m'chipewa, kuwerenga pulagi. Yakuda ndiye kuti yakhutitsa, yoyera ndiye kuti ili ndi njala, yabwino imaoneka ngati tiyi wamkaka. Pofika chaka chachitatu Mzee makutu anayamba kuwathawa, paipi ija n'kukhala m'manja mwanga. Ndinkanyada nayo, ndisaname.

A Kamwendo ndinadziwana nawo chifukwa cha kutukwana. Tsiku lina sipanala inandipulumuka n'kundisupula chala, ine ndili pansi pa galimoto: “Asa! Chitsulo cha galu iwe!” Ndinangomva mawu pamwamba: “Kodi pansipo pali munthu wakwathu?” Anali bambo wa suti ndi magalasi, wogwira ntchito ku bungwe lina lalikulu la mayiko ambiri, wokhala ku South B, kwawo ku Chileka. Anali atangogula kagalimoto kobiriwira kwa mzungu wopuma ntchito. Kuyambira tsiku limenelo ankanditchula kuti mphwanga. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ankanditengera kunyumba kwawo, ndipo akamapita kumudzi ankandinyamulira timaphukusi ta amayi.

Kalata inabwera m'nyengo yozizira. Analemba ndi aphunzitsi oyandikana nafe, koma mawu anali a amayi. “Dausi chifuwa chamupanikiza. Ndowa analeka kukhoma. Akukufunsa. Ngati ungathe, bwera msanga.” Ndinkafuna kukwera basi tsiku lomwelo, koma pasipoti yanga inali itatha ntchito kalekale, ine chitsiru osalabadira. Ndinathamangira kwa a Kamwendo.

“Usavutike, mphwanga,” anatero. “Ine ndikuuluka Loweruka, ndili ndi holide ya masabata atatu. Ndipatse pasipotiyo ndikaikonzetse, ndikafikanso ku Lunzu ndikamuone. Ndikangobwera, iwe ulendo. Galimotoyi ndikusiyira, uichepetseko kumwa.”

Ndinapita kumsika wa Gikomba n'kugula juzi yochindikala ya buluu, n'kudzera ku famase kugula mankhwala opopera m'kamwa. Ndinazikulunga m'pepala la simenti, n'kumanga ndi waya wa kopa wa m'galaja, kupota katatu monga ndimachitira. Chimene ndinkapempha kwa Mulungu chinali chimodzi chokha: ndikamupeze Dausi akupuma.

Linali Lachitatu la sabata yachiwiri chichokereni a Kamwendo, masana, dzuwa lili paliwombo. Anzanga onse anali atapita kukadya githeri, chimanga chophika ndi nyemba, Mzee akuwodzera pampando pakhomo la galaja. Ndinaliza kagalimoto kobiriwira kaja, injini itatentha ndinamasula kachitsulo kolumikiza. Ndinaika paipi pa kabuleta yakutsogolo. Mpweya wosalala bwinobwino, sii. Ndinaisamutsira pa yakumbuyo.

Fwii. Kudukiza. Kumaliza.

Ndinachotsa paipi pakhutu n'kucheuka. Kunalibe munthu, koma galu wa pagalaja atagona pamthunzi. Ndinati mwina paipi yang'ambika. Ndinaipinda, ndinaiuzira, inali yabwinobwino. Ndinaikanso pakhutu. Fwii, kudukiza, kumaliza. Abale inu, kabuleta imakoka mpweya mosalekeza, siipumira, ilibe mapapo. Koma iyi inkakoka n'kuleka, kukoka n'kuleka, ndipo mpata wapakati unkatalikiratalikira. Ndinkafuna kuiponya paipiyo koma dzanja linakana. Ndinamvera mpaka kunabwera kukoka kumodzi kwakutali, kenako zii. Injini inali ikulirabe, fani ikuzungulira, galimoto ikunjenjemera pansi pa chigongono changa, koma m'paipimo munalibe kanthu.

“Mzee! Mzee, tabwerani!”

Anabwera akukoka mapazi. Anamvera yakutsogolo, anamvera yakumbuyo. “Yakumbuyoyi yachepa mafuta pang'ono. Itsitseko. Wandidzutsira zimenezi?” Kenako anandiyang'ana kumaso n'kusiya kukalipa. “Wamva chiyani, Mmalawi?”

“Palibe, Mzee.”

Tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

A Kamwendo atabwera ndinawathamangira asanatsike n'komwe m'takisi. “Ali bwanji?”

“Akupezako bwino, mphwanga,” anatero, maso ali pa galimoto yawo. “Juzi ija yamukwana. Amayi akuti usathamange, ugwire ntchito.”

“Nanga pasipoti?”

“Ndaisiya kwa mnzanga, ikatuluka aitumiza. Zinthu zimenezi sizifuna phuma.”

Ndinawakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira. Ndinawapatsa galimoto yawo ikulira ngati yatsopano, ine n'kuyamba kudikira pasipoti.

Lolemba lotsatira anabwera nayo, akuti yayambiranso kumwa. Nditatsegula boneti ndinapeza manati onse awiri asuntha. Yakutsogolo yatsitsidwa, mafuta kusefukira. Yakumbuyo yakwezedwa mpaka kumapeto, mafuta kulibe, mpweya wokhawokha, ngati wina anali kulimbana kuti apeze popumira. Ndinakonza. Lolemba linalo, chimodzimodzi. Ndinapaka penti yofiira pamanatipo kuti ndione ngati akumasuka okha ndi mabampu. Galimoto inabwera penti itathetheka ponse pawiri. Masabata asanu ndi awiri, galimoto yomweyo, matenda omwewo! Ndipo nthawi iliyonse a Kamwendo ankakhala pabenchi osathamangira kuntchito, kumandifunsa ngati ndikudya, ngati ndikugona bwino, kundigulira tiyi ndi chapati. Ine zinkandinyansa. Ndine makaniko wanji wolephera kagalimoto kamodzi? Koma mantha anaposa mkwiyo. Kabuleta yakumbuyo ndinasiya kuimvera ndi paipi, ndinkangoitchuna mongoyerekeza, pakuti ndikaikapo khutu ndinkapeza zii yemwe uja. Ndinayamba kuonda, mpaka mayi mwini nyumba ku Kangemi anandifunsa ngati ndikudwala.

Lolemba lachisanu ndi chitatu Mzee anandikankhira pambali n'kuweramira m'boneti okha. Anapapasa nati yakutsogolo ndi chikhadabo. “Taona mano awa. Iyi yagwidwa ndi pulayazi, wogwirayo ndi munthu wosadziwa chitsulo. Mizimu siyenda ndi pulayazi, Mmalawi.”

“Nanga yakumbuyoyo?”

Anaipapasa. Inali yosalala, yopanda chipsera ngakhale chimodzi. Anangopukuta manja n'kunena kuti, “Tisanayambe kuopa, fufuza paliponse. Yambira kuthanki, mwina mafuta akudonthera kumeneko.”

Thanki ya galimoto imeneyi ili kuseri kwa buti. A Kamwendo anali atapita kukaimba foni kuofesi kwawo. Ndinatsegula buti, ndinatulutsa tayala la sipeya, ndipo pakona panali phukusi la pepala la simenti. Waya wa kopa, wopota katatu, wosamasulidwa. Pansi pake panali envulopu, m'katimo pasipoti yanga yatsopano, yodindidwa kalekale.

Ndinakhala pansi pamafuta pomwepo, phukusi pamiyendo, ndipo ndi mmene a Kamwendo anandipezera. Anavula magalasi. Bambo wamkulu wa suti anagwada pasimenti yakuda ya galaja.

“Linali liti?” ndinafunsa.

“Ndinakafika ku Lunzu Lachisanu la sabata yachiwiri, ndinapeza ataika dzulo lake. Anatisiya Lachitatu masana.”

“Ndiye juzi ija inamukwana, eti?”

“Mphwanga, ndikhululukire. Amayi ako anandigwira miyendo. Anati wamapasa sauzidwa, sapita kumaliro a mnzake, saona manda mpaka miyezi itatu idutse, apo ayi mnzakeyo amadzamutenga. Ine zimenezo sindizikhulupirira, ndine munthu wa mpingo. Koma mayi woti wangoika mwana ndikanamukanira bwanji? Anandipempha kuti ndizikuona sabata iliyonse, ndiziwatumizira mawu ngati ukudya. Ndikanabwera bwanji kuno galimoto ili bwino? Ndiye ndinkapotoza natiyo ndi pulayazi ya kukhichini.”

“Manati onse awiri?”

“Imodzi. Yakutsogoloyo. Kodi pali inanso? Kumbuyoko dzanja langa silifika, kumatenthanso.”

Mzee Chichewa sankamva, koma nditawamasulira anayang'ana kabuleta yakumbuyo ija, n'kutseka boneti pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa munthu.

Mawu amene ndinawalalatira a Kamwendo tsiku limenelo sindingawabwereze. Iwo anangowerama n'kumalandira. Panapita zaka ndisanawalembere kalata yopepesa. M'mawa mwake ndinakatsanzika Mzee, ndipo anandipachika paipi ija m'khosi. “Tenga. Ine sindikumvanso kanthu, iwe ukumva zambiri. Kaya ndakupatsa mphatso, kaya ndakusenzetsa katundu, sindikudziwa.” Sindinawaonenso.

Ndinadutsa ku Namanga, Arusha, Mbeya, Songwe, masiku anayi phukusi lili pamiyendo. Nditatsika ku Lunzu ndinadzera pamsika. Pamene Dausi ankakhomera ndowa panali wina akugulitsa makaseti. Mayi wina wa tomato atandiona anataya lichero n'kukuwa, “Mayo! Dausi!” Ana anabalalika. Anthu amene ndinakula nawo ankandipatsa moni ali patali, osatambasula dzanja. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti ndikuyenda ndi nkhope ya munthu amene iwo anamukwirira ndi manja awo.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anali atachepa ngati mwana. Sanalire, sanandikumbatire. Anangoti, “Wabwera msanga.” Kenako anadzuka, anandimasula batani la malaya, n'kuika khutu lawo pachifuwa panga. Anamvera mbali iyi, anamvera mbali inayo, nthawi yaitali.

“Ukupuma bwino,” anatero.

“Munandinamiziranji, amayi? Mbale wanga kulowa m'manda ine ndili pa boneti ya galimoto ya munthu?”

“Ndinataya mmodzi. Unkafuna nditaye awiri?” Anakhalanso pansi. “Ankakutchula mpaka mawu kumuthera. Ndinachita mantha. Ndiye tinathyola mvunguti, chipatso chachitali chija, tinaukulunga m'malaya ako akale n'kuugoneka pambali pake m'bokosi. Kuti akatembenuka azipeza uli pomwepo, asadzuke kukakufunafuna.”

Mkwiyo umene ndinausenza kuchokera ku Nairobi unandithera pakhonde pomwepo. Ine amene ndinkamasula kachitsulo tsiku ndi tsiku kuti imodzi isakoke inzake, ndikanawatsutsa chiyani amayi? Ndinakhala pansi pambali pawo, n'kuika phukusi lija pakati pathu.

“Koma anandipeza, amayi.”

Manja awo anaima m'lichero. Ndinawauza zonse, za galimoto yobiriwira, za paipi, za Lachitatu masana. Ndinawayeserera ngakhale mluzu uja, fwii, kudukiza, kumaliza, ndipo anatseka maso. Nditamaliza, nkhuku zinayamba kutola nyemba m'licheromo iwo osaziingitsa.

“Tsiku limenelo ndinatuluka,” anatero motsitsa mawu. “Ndinathamangira kumsewu kukafuna galimoto yoti imutengere kuchipatala. Ndinabwera atapita kale, m'nyumba mulibe munthu. Sindinauzepo aliyense mmene chimenechi chikundidyera.” Anandigwira dzanja. “Iwe unamvera mpaka kumapeto?”

“Mpaka kumapeto, amayi.”

“Sunachotse khutu?”

“Sindinachotse.”

“Ndiye sanapite yekha,” anatero amayi, ndipo apo ndi pamene anayamba kulira.